Ngongole ya Masekondi 25

Loweruka pa 15 Febuluwale 2014 ndinaitanidwa kukamwa khofi kwa mayi wina wachikulire amene khomo lake linkayang'anizana ndi langa m'nyumba yosanjikiza ya m'tauni ina ya kumpoto kwa Sweden, kumene ndinali nditakhala chaka chimodzi ndi theka. Ndinkawatchula kuti agogo, ndipo iwo atamva tanthauzo la mawuwo anawalandira ndi manja awiri. Khofiyo anali chonamizira chabe, chifukwa pa wailesi ya kanema pankaonetsedwa masewera a Olimpiki a nyengo yozizira ochokera ku Sochi, m'dziko la Russia, ndipo agogo sankafuna kuonera okha mpikisano wa amayi wolandirana pa ski umene anthu a kuno amautcha stafett. Ine ndinapita chifukwa cha ulemu, ndikuganiza kuti ndikhala phee kwa ola limodzi kuonera azungu akuvutika ndi chisanu.

Ambiri a ife tikamva za ski timaganiza za anthu otsika phiri mwaliwiro loopsa, akukhotakhota pakati pa timbendera, koma amenewo ndi masewera ena. Pa masewera amene ndikunenawa wothamanga amamanga kumapazi timatabwa tiwiri topyapyala, totalika kuposa msinkhu wake, nagwira ndodo ziwiri m'manja, ndipo amadutsa m'nkhalango pa njira ya chipale chofewa yokhala ndi zitunda ndi zigwa, zitunda zonsezo akukwera ndi mphamvu ya miyendo, mikono ndi mapapo ake. Mu stafett dziko lililonse limasankha amayi anayi, ndipo pa nthawiyo aliyense ankathamanga makilomita 5. Awiri oyamba amathamanga mwachikale, ma ski awo ali m'tingalande tiwiri tokumbidwa pa chipale, akuponya mwendo uwu kenako uwo ngati munthu woyenda mofulumira. Awiri otsiriza amathamanga pa njira yosalazidwa, akukankha chammbali, ndipo kathamangidwe kameneka n'kaliwiro kuposa koyamba kaja. Oyamba a mayiko onse amanyamuka pamodzi, ndipo wopambana ndi amene mayi wake wachinayi wayamba kudutsa mzere.

Chimene chinandidabwitsa pa kulandirana koyamba n'chakuti panalibe kamtengo. Manja onse awiri amakhala omangidwa ku ndodo ndi malamba, motero wofika amangokhudza thupi la mnzake ndi dzanja, paphewa kapena pamsana, m'kadera kolembedwa malire, ndipo mnzakeyo amanyamuka. Ine ndinakulira pa mpikisano wa kamtengo. Ndili Sitandade 7 ndinali wachitatu mwa atsikana anayi a pasukulu pathu, ndipo tsiku limene tinakapikisana ndi masukulu oyandikana nafe, kamtengo ka nsungwi kanandipulumuka pamene ndinkakapereka kwa mnzanga womaliza. Iye anakatola m'fumbi nathamanga ndi mtima wake wonse, koma tinali titatsala kale, ndipo anafika wachinayi. Palibe amene anandikalipira, ndipo mwina zikanakhala bwino akanandikalipira, chifukwa kukhala chete kwa anzanga atatuwo ndinakusenza zaka zambiri. Choncho ndinauza agogo kuti mpikisano wawowu ndi wachifundo, popeza palibe chimene munthu angagwetse. Iwo anaseka n'kunena kuti, “Chilipo chimene akupatsirana, mwanawe, kungoti sichili m'manja. Yang'ana manambala ali m'munsi mwa kanemayo.”

Manambalawo anali masekondi. Wothamanga aliyense akafika polandirana, pa kanema pamatuluka dzina la dziko lake ndi masekondi amene watsalira kumbuyo kwa wotsogola, ndipo masekondi amenewo ndiwo amaikidwa paphewa la mnzake pamodzi ndi dzanja lija. Wina amalandira chuma choti asunge, wina amalandira ngongole imene sanakongole yekha, koma ayenera kuibweza ndi miyendo yake.

Tsiku limenelo Ida Ingemarsdotter ndi Emma Wikén anathamanga zigawo ziwiri zoyamba bwino kwambiri, moti Sweden inali m'gulu lotsogola pamene Anna Haag ankalandira gawo lachitatu. Pamenepo zinthu zinatembenuka. Kerttu Niskanen wa ku Finland anayamba kumusiya pang'onopang'ono, Claudia Nystad wa ku Germany anamupitirira, ndipo Haag, amene anali ndi mendulo ziwiri zasiliva za ku Olimpiki ya 2010, ankaoneka ngati munthu wokwera phiri atasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi. Pamene ankakhudza Charlotte Kalla, ngongole inali itakwana masekondi 25 ndi kachidutswa. Kwa wosadziwa masewerawa zimenezi zingamveke zochepa, koma amayi ameneŵa amamaliza makilomita 5 m'mphindi 12 mpaka 14, ndipo pa liwiro lotere masekondi 25 ndi mtunda woposa kutalika kwa bwalo la mpira. Amene anali kutsogoloko sanalinso anthu wamba: Krista Lähteenmäki wa ku Finland ndi Denise Herrmann wa ku Germany, amene ankadziwika ndi liwiro la pamapeto. Agogo anaimirira kukawonjezera khofi, akunena kuti mendulo yamkuwa nayonso ndi mendulo.

Khofiyo sanawonjezedwe. Kalla, mwana wa ku Tärendö, mudzi waung'ono wa kumpoto kwenikweni kwa Sweden kumene dzuwa limaoneka pang'ono chabe pakati pa nyengo yozizira, anayamba kudula ngongoleyo pa chitunda chilichonse, ndipo nthawi iliyonse imene manambala ankatuluka anali atachepa. Awiri a kutsogolo aja ankayang'anana, aliyense akusunga mphamvu zoti adzagonjetsere mnzake pamapeto, osadziwa kuti kusungako n'kumene kunkaitana wachitatu. Atatsala pang'ono kulowa m'bwalo, Kalla anali pa zidendene zawo, ndipo m'mamita otsiriza anawapitirira onse awiri. Sweden inamaliza pa mphindi 53 ndi masekondi 2.7, Finland inatsalira ndi theka la sekondi, ndipo Germany inatsalira ndi nthawi yosakwana sekondi imodzi. Amayi 12 anathamanga makilomita 20 timu iliyonse, ndipo mendulo zitatu zinasiyana ndi kuphethira kwa diso.

Agogo ankalira, ndipo atapukuta misozi anandiuza chifukwa chake. Nthawi yomaliza imene amayi a Sweden anapambana mpikisanowu ku Olimpiki inali mu 1960, ku Squaw Valley m'dziko la America, pamene Irma Johansson, Britt Strandberg ndi Sonja Edström anagonjetsa timu yoopedwa ya Soviet Union, ndipo agogo anali mtsikana wa kusukulu amene anamva nkhaniyo pa wailesi m'khitchini mwa makolo awo. Anali atadikira zaka 54. Ine ndinasangalala nawo, koma ndivomere kuti maso anga sanali pa Kalla, amene kamera iliyonse inkamulondola. Ndinkafunafuna Anna Haag. Ndinkaganiza za mphindi zimene anaima m'bwalomo, gawo lake litatha, palibe chimene akanachitanso, akuyang'ana mnzake akulipira zimene iye anawononga. Akanalephera Kalla ndi mita imodzi yokha, dzina limene likanakhala pakamwa pa dziko lonse likanakhala la Haag. Popeza sanalephere, Haag ali ndi mendulo yagolide yofanana ndendende ndi ya Kalla, ndipo kumapeto kwa chakacho, nyuzipepala ya Svenska Dagbladet, imene kuyambira 1925 imapereka mendulo yaulemu kwa wochita chozizwitsa pa masewera, inapereka mendulo yake kwa onse anayi.

Panali nkhani inanso tsikulo imene ndinaimvetsa patapita nthawi. Timu imene aliyense ankayembekezera kuti ipambana inali ya Norway, yokhala ndi Heidi Weng, Therese Johaug, Astrid Jacobsen ndi Marit Bjørgen, mayi amene pomadzasiya masewera mu 2018 anali ndi mendulo 15 za Olimpiki, 8 mwa izo zagolide. Timu imeneyi inafika yachisanu, itatsalira ndi masekondi oposa 50, ndipo mlandu sunagwere wothamanga aliyense, unagwera phula. Kunsi kwa ski kumapakidwa phula la mitundu iwiri. Lina ndi loterera, lothandiza kuti ski itsetsereke, ndipo lina, limene limapakidwa pakati pokha, pansi pa phazi, pa ma ski othamangira mwachikale, ndi logwira, lothandiza kuti munthu akaponda kuti akankhe, ski isabwerere m'mbuyo. Mtundu wa phula umadalira kuzizira kwa tsikulo, chinyezi, ndiponso ngati chipale chili chatsopano kapena chakale. Chikakhala chonyowa amapaka chinthu chomata chotchedwa klister, chimene aliyense amene anatcherapo mbalame ndi ulimbo angachizindikire akangochikhudza. Ku Sochi kunkatentha modabwitsa, moti ena ankathamanga atavala malaya a manja aafupi, chipale chikusungunuka, ndipo akatswiri a phula a ku Norway, amene dziko lawo limawapatsa ndalama zambiri ndi zipangizo zonse, anaphonya. Anthu a ku Norway ali ndi liwu lakelake la tsoka limeneli, smørebom, ndipo nyuzipepala zawo zinakhalira liwu limenelo masiku angapo.

Ine ndinadzazimva m'thupi mwanga chaka chotsatira, nditagula ma ski akale pa sitolo ya zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito n'kupaka phula lolakwika pa tsiku limene chipale chinali chitangogwa kumene. Ndisanayende mamita 200, chipale chinaunjikana kunsi kwa ma ski anga monga mmene dothi la makande limakanirira ku nsapato m'dambo nthawi ya dzinja, ndipo m'malo motsetsereka ndinkanyamula zibuma ziwiri, ana a zaka zisanu akundipitirira mwaulemu. Ndinakumbukira Johaug ndi Bjørgen. Pa mpikisano wa munthu mmodzi, ma ski oipa amapweteka mwini wake yekha, koma mu stafett onse anayi amalandira ma ski kuchokera m'manja mwa anthu omwewo, motero pali munthu wachisanu amene saoneka pa kanema ndipo salandira mendulo, koma angathe kusenzetsa timu yonse ngongole mpikisano usanayambe.

Agogo ndiwo anandiphunzitsa kuwerenga mbiri ya mpikisanowu, ndipo zina ndinadzafufuza ndekha. Amayi analoledwa kupikisana pa masewerawa ku Olimpiki koyamba mu 1952 ku Oslo, pa mtunda umodzi wokha wa makilomita 10, umene Lydia Wideman wa ku Finland anapambana. Mpikisano wolandirana unayamba mu 1954 pa mpikisano wa dziko lonse ku Falun, ndipo unalowa mu Olimpiki mu 1956 ku Cortina d'Ampezzo, kumene Finland inagonjetsa Soviet Union. Nthawi imeneyo timu inali ya amayi atatu, pamene ya abambo inali ya anayi, ndipo wachinayi anadzawonjezedwa mu 1974 pa mpikisano wa dziko lonse, ndi mu 1976 ku Olimpiki ya ku Innsbruck. Kuwonjezera munthu mmodziyo kunasintha zambiri, chifukwa dziko limene lili ndi katswiri mmodzi kapena awiri silingabisenso umphawi wake. Ku Sochi komweko, masiku awiri stafett isanachitike, Justyna Kowalczyk wa ku Poland anapambana golide pa makilomita 10 ali ndi fupa losweka kuphazi, koma timu ya Poland sinayandikire n'komwe mendulo pa Loweruka lija, popeza iye akanatha kuthamanga gawo limodzi lokha mwa anayi. Amene amaweruza mpikisanowu ndi mayi wachinayi pa mndandanda wa dziko, amene dzina lake anthu akunja salidziwa, amene anapambana malowo movutikira pakati pa anzake awiri kapena atatu amene atsala ku hotela akuonera pa kanema. N'chifukwa chake anthu a kuno amaulemekeza kuposa mipikisano ina: umaonetsa ngati m'midzi muli magulu a ana, aphunzitsi odzipereka ndi njira zounikiridwa ndi magetsi zoti atsikana aziphunzirirapo madzulo mdima utagwa 3 koloko masana.

Kwa zaka zambiri dziko lokhala ndi amayi ochuluka otere linali Soviet Union, kenako Russia, amene anapambana ma Olimpiki anayi otsatizana kuyambira 1988 mpaka 1998. Mu timu ya 1992 munali Raisa Smetanina, amene analandira golideyo atatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 40. Koma mbiri yomweyi ili ndi banga lake. Mu 2002 ku Salt Lake City, mpikisano utatsala pang'ono kuyamba, magazi a Larisa Lazutina anapezeka atadutsa muyeso wololedwa, nthawi yosinthira wothamanga inali itatha, ndipo timu yonse ya Russia sinanyamuke n'komwe; Germany ndiyo inapambana, ndipo Lazutina anadzalandidwa mendulo zake za kumeneko atapezeka ndi mankhwala oletsedwa. Ngongole ya mtundu umenewo palibe mnzako amene angakubwezere, ngakhale atathamanga bwanji.

Mu Febuluwale 2015 ndinakwera sitima kupita ku Falun kukaonera ndi maso anga mpikisano wa dziko lonse pa bwalo la Lugnet. Norway inapambana, Sweden inatenga siliva, Finland mkuwa, koma chimene ndinabwera nacho kunyumba ndi zimene ndinaona polandirana, zimene kanema amazidutsa mofulumira chifukwa amathamangira amene wanyamuka. Wodikira amaima atatembenuzira mutu m'mbuyo, akugwedezagwedeza miyendo, kufunafuna mtundu wa zovala za dziko lake pakati pa obwera. Wofika amatambasula dzanja ali kale wopanda mphamvu, ndipo akangokhudza mnzake amagwa chafufumimba pa chipale, chifuwa chikukwera ndi kutsika, ma ski ali balala. Anthu omuthandiza amabwera kudzamuvula ma ski ndi kumufunditsa, koma ambiri mwa amene ndinawaona, atangotha kudzutsa mutu, ankayang'ana pa chikwangwani cha manambala asanayang'ane munthu aliyense.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 2019 ku Seefeld, Kalla anali m'timu imene inapatsa amayi a Sweden golide wawo woyamba wa stafett pa mpikisano wa dziko lonse, pamodzi ndi Ebba Andersson, Frida Karlsson ndi Stina Nilsson. Patangopita zaka ziwiri, mu Marichi 2021 ku Oberstdorf m'dziko la Germany, Kalla yemweyo anapatsidwa gawo lachiwiri, ndipo pa chipale chonyowa anatsalira kwambiri moti anzake awiri otsatira sanathenso kubweza, ndipo Sweden inafika yachisanu ndi chimodzi. Ndinamva anthu kuntchito akunena kuti wakalamba, kuti sankayenera kusankhidwa, ena mwa iwo omwe aja amene zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo ankakumbatirana chifukwa cha iye. Agogo, amene pa nthawiyo anali atasamukira ku nyumba yosamalira okalamba ndipo tinkangolankhulana pa foni chifukwa cha mliri, anangonena kuti, “Lero ndi iye amene akufunika Kalla, ndiye Kalla wina amupeza kuti?” Kalla anasiya masewera chaka chotsatira.

Kwa zaka pafupifupi 70 amayi ankathamanga makilomita 5 aliyense pamene abambo ankathamanga 10, ndipo palibe amene anali ndi chifukwa chomveka kupatula chizolowezi, popeza m'kupita kwa nthawi amayi omwewa ankathamanganso makilomita 30 pa mipikisano yomweyo. Mu 2022 bungwe loyendetsa masewerawa la FIS linagamula kuti mitunda ikhale yofanana, ndipo stafett ya onse inakumana pakati, pa makilomita 7.5 gawo lililonse. Ndinagwirizana nacho chigamulocho, ngakhale ndinali ndi nkhawa yanga: ndinkaopa kuti mtunda ukatalika, matimu amphamvu adzasiya anzawo kutali msanga, ndipo zonga zimene ndinaona kwa agogo sizidzachitikanso. Ndinalakwitsa. Mu Marichi 2025 ku Trondheim, m'nyengo ya mvula ndi chipale chosungunuka, pamaso pa khamu la anthu a ku Norway amene anadzaza bwalo la Granåsen ndi mbendera zawo, Therese Johaug anapatsa Kristin Austgulen Fosnæs chuma cha masekondi oposa 30 pa gawo lomaliza. Jonna Sundling wa ku Sweden anachidya chonse, namupeza, namugonjetsa pa mzere ndi nthawi yosakwana sekondi imodzi.

Ndinaonera ndekha, chifukwa agogo anali atatisiya chaka cham'mbuyo mwake. Anansi anga ankakuwa mpaka kumveka kudzera m'khoma, ndipo inenso ndinaimirira, pakuti zaka zonsezi zandisandutsa wochemerera Sweden. Komabe nditakhala pansi ndinapeza kuti ndikufunafunanso wina pa kanema, ndipo ulendo uno anali Fosnæs, amene sanalandire ngongole koma chuma, n'kuchitaya pakhomo pa kwawo, dziko lonse likuyang'ana. Usiku womwewo ndinatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mnzanga uja amene anatola kamtengo m'fumbi, amene tsopano ndi mphunzitsi ku Lilongwe, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zoposa 30 ndinamufunsa ngati akukumbukira tsiku limene ndinagwetsa kamtengo. Anayankha m'mawa mwake kuti za kamtengo sakuzikumbukira, ndipo anafunsa ngati ndili wotsimikiza kuti sanali iye amene analephera kukagwira. Chimene akukumbukira bwino, anatero, n'chakuti pobwerera tinakwera lole yonyamula chimanga ndipo aphunzitsi anatigulira nzimbe panjira.